Khungwa, mizu ndi mapiritsi: mbiri ya malungo m'chigwa cha Shire

Madzi amene timawedzamo nsomba kuno ku Mangochi, ku Salima ndi ku Nkhotakota akatuluka m'nyanja amadutsa pa Malombe ndi pa Liwonde, nagwa pa mathithi a Nkula, Tedzani ndi Kapichira, kenaka nafika m'chigwa chotentha cha Chikwawa ndi Nsanje. Kumeneko mtsinje wa Shire umafatsa ndi kumwazikana m'madambo a Elephant Marsh ndi Ndindi, momwe udzudzu umaswana chaka chonse. Abale athu a kuchigwako, Amang'anja ndi Asena, amalimbana ndi malungo omwe aja amene amativutsa ife a m'mbali mwa nyanja, ndipo funso limene limabuka m'nyumba zawo mwana akatentha thupi pakati pa usiku ndi lomwe limabuka m'nyumba zathu: tiyambire kwa agogo odziwa zitsamba, kugolosale, kapena kuchipatala? Mbiri ya chigwachi ya zaka zoposa 160 ili ndi yankho limene tiyenera kulimva.

Tiyambire pa bwato limene lidagubuduka. Mu Januwale 1862, Bishopu Charles Mackenzie wa mishoni ya UMCA, amene adali atakhazikika ku Magomero chaka cha 1861, ankatsika ndi mtsinje wa Shire pamodzi ndi mnzake Henry Burrup. Ankapita kukakumana ndi David Livingstone pamene mtsinje wa Ruo umathira mu Shire, pafupi ndi Chiromo. Usiku wina bwato lawo lidatembenuzika, ndipo mwa katundu amene adamira mudali mankhwala awo, kuphatikizapo kwinini. Anthu adapulumuka, koma atafika pamalo a pangano adapeza Livingstone atadutsa kale. M'malo mobwerera kukatenga mankhwala ena, adaganiza zodikira pachilumba cha Malo. Malungo adawapeza pomwepo ali chimanjamanja. Mackenzie adamwalira pa 31 Januwale 1862, ndipo Burrup, amene adamunyamula kubwerera naye ku Magomero, adatsatira mu Febuluwale. Mu Epulo chaka chomwecho Mary, mkazi wa Livingstone, adamwaliranso ku Shupanga m'mbali mwa Zambezi. Otsala a mishoni adasamukira kwa Chibisa, pafupi ndi pamene pali boma la Chikwawa lero, ndipo kumeneko mu 1863 adaika m'manda Henry Scudamore ndi dokotala wawo John Dickinson. Pofika 1864 mishoniyo idali itachoka n'kupita ku Zanzibar.

Kwinini amene adamira mu Shire usiku umenewo timamutcha mankhwala achizungu, koma gwero lake ndi khungwa la mtengo wa cinchona, umene umamera m'mapiri a Andes ku Peru, Ecuador ndi Bolivia. Eni dziko kumeneko ankadziwa mphamvu ya khungwa lowawalo, ndipo ansembe a Chijezwiti adalitengera ku Ulaya m'zaka za m'ma 1600. Kwa zaka pafupifupi 200 odwala a ku Ulaya ankalimwa monga mmene ife timamwera zitsamba, losinja ndi kusungunula. Vuto lake lidali lakuti khungwa lina linkakhala lamphamvu, lina lofooka, ndipo womwa sankadziwa chimene wamwa. Mu 1820 akatswiri awiri a ku France, Pelletier ndi Caventou, adakwanitsa kupatula kwinini weniweni m'khungwamo. Kuyambira pamenepo dokotala ankatha kuyeza pasikelo kuchuluka kwa mankhwala opatsa wodwala. Chimene chidasintha si mtengo ayi, koma muyeso. Livingstone ankayenda ndi mapiritsi ake osakaniza kwinini ndi mankhwala otsegula m'mimba, ndipo ankalimbikira kuti amwedwe msanga, thupi likangoyamba kutentha.

Eni chigwa nawo adali ndi nzeru zawo. Mawu akuti malungo ndi akale kuposa chipatala chilichonse m'dziko muno, ndipo tanthauzo lake lidali lotambalala: kutentha thupi, kuphwanya m'malo olumikizana mafupa, kunjenjemera, litsipa ndi kufooka. Munthu ankatha kudwala malungo chifukwa chonyowa ndi mvula, chifukwa cha ntchito yakalavulagaga kumunda, kapena chifukwa cha nsanje ya anthu. Mankhwala ake adali makungwa, mizu ndi masamba owawa monga muwawani ndi futsa, kufukiza wodwala atamufunditsa nsalu pamwamba pa mphika wa zitsamba zowira, ndiponso kutema mphini pamimba pamene kapamba watupa. Livingstone mwini adalawako njira imeneyi. Mu 1853, asanafike ku Shire, adadwala malungo ku Linyanti, kwa Akololo a mfumu Sekeletu, ndipo adapempha sing'anga wa kumeneko kuti amuthandize pofuna kuona ngati pali mankhwala amene azungu sankawadziwa. Adamufukiza ndi mizu yowira, koma iye adaona kuti mankhwala ake a kwinini ankachiza msanga. Ena mwa Akololo omwewo adadzatsagana naye kuno, natsalira m'chigwa, ndipo maina a mafumu monga Kasisi, Katunga ndi Maseya ku Chikwawa amachokera kwa iwo.

Alendo aja ankadabwa kuona kuti malungo amene ankawapha iwo m'masiku ochepa, akuluakulu a m'mudzi ankangogona nawo masiku awiri kapena atatu n'kudzuka. Lero tikudziwa chifukwa chake. Munthu wokulira kumene malungo ndi ochuluka amawadwala kambirimbiri ali mwana, ndipo akapulumuka, thupi lake limapeza chitetezo chochepetsa ukali wa matendawa. Wamkulu wotere akamwa muwawani n'kuchira, mankhwalawo amatamandidwa, chonsecho ntchito yaikulu yagwiridwa ndi thupi lake. Chitetezo chimenecho chinkagulidwa ndi maliro a ana aang'ono, amene sadakhale ndi moyo kuti adzafotokoze ngati mankhwala adawathandiza kapena ayi. Mbiri ya zitsamba imasimbidwa ndi amene adachira.

Chimene chimayambitsa malungo enieni chidadziwika patapita zaka. Mu 1880 dokotala wa ku France, Alphonse Laveran, akugwira ntchito ku Algeria, adaona tizirombo m'magazi a wodwala. Mu 1897 Ronald Ross ku India adatipeza m'mimba mwa udzudzu. Komatu nzeru imeneyi idatenga nthawi kuti ipindulire munthu wa kwa Tengani kapena kwa Ngabu. M'nthawi ya atsamunda Chiromo ndi Port Herald, yomwe lero ndi Nsanje, zidali zipata zolowera m'dziko, ndipo njanji yochokera ku Port Herald idafika ku Blantyre mu 1908. Kwinini ankadutsa m'chigwamo kupita kwa azungu a kumapiri, pamene zipatala za anthu akuda zidali zowerengeka ndi zotalikirana. Lamulo loletsa zaufiti la 1911 lidaletsa kuloza mfiti ndi kumwetsa mwabvi, koma silidachotse asing'anga azitsamba, pakuti kwa anthu ambiri iwo ndiwo adali chipatala chokhacho chofikirika ndi miyendo. Ngakhale ntchito yaikulu yothetsa malungo padziko lonse, imene bungwe la zaumoyo la WHO lidayamba mu 1955, idalambalala mbali yaikulu ya Africa.

Mankhwala oyamba achipatala amene adalowadi m'mudzi adali kolorokwini. Adapangidwa ku Germany mu 1934 ndipo adafala nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha. Adali otchipa, ankapezeka m'magolosale, ndipo amayi ankawamanga pansonga ya chitenje monga ankamangira mizu. Apa ndi pamene njira ziwiri zidayamba kukumana m'nyumba imodzi: piritsi m'mawa, chitsamba madzulo. Koma piritsilo lidalandiridwa ndi chizolowezi cha zitsamba, chomwa mpaka thupi lizizire n'kusunga zotsala kuti zidzathandize tsiku lina. Tizirombo tofooka tinkafa, tolimba tinkatsala n'kuswana. Tizirombo tosamva kolorokwini tidayambira ku Asia ndi ku South America, tidafika kum'mawa kwa Africa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ndipo kuno tidapeza malo okonzeka. Boma lidakhazikitsa nthambi yolimbana ndi malungo mu 1984, ndipo mu 1993 Malawi lidakhala dziko loyamba mu Africa kusiya kolorokwini n'kuyamba SP, amene ambiri timamudziwa ndi dzina lakuti Fansidar. Patapita zaka zoposa khumi padachitika chodabwitsa. Kafukufuku wa ku Ndirande amene adasindikizidwa mu 2006 adaonetsa kuti kolorokwini wayambanso kuchiza pafupifupi ana onse amene adapatsidwa, chifukwa tizirombo tosamva tija tidali titazilala mankhwalawo atachotsedwa. Izi zidasonyeza kuti mphamvu ya mankhwala imadalira mmene dziko lonse likuwagwiritsira ntchito.

Fansidar nayenso adafooka, ndipo mu 2007 adalowedwa m'malo ndi LA. Nayenso LA gwero lake ndi chitsamba. Mu 1967 boma la China lidayamba ntchito yofufuza mankhwala atsopano a malungo, ndipo mayi wina katswiri, Tu Youyou, adasanthula mabuku akale a asing'anga a dziko lake. M'buku la Ge Hong la m'zaka za m'ma 300 adapezamo malangizo akuti chitsamba cha Artemisia annua chiziviikidwa m'madzi ozizira ndi kufinyidwa. Adazindikira kuti kuwiritsa kunkaononga mphamvu yake, ndipo pofika 1972 gulu lake lidali litapatula mankhwala otchedwa artemisinin. Mayiyu adalandira mphotho ya Nobel mu 2015. Choncho mankhwala awiri amphamvu koposa amene adatsikira m'chigwa cha Shire, kwinini ndi LA, onse ndi zidzukulu za asing'anga. Wonyoza zitsamba sadziwa mbiri ya piritsi limene ali nalo m'manja. Koma onse awiri adayamba kupulumutsa anthu ochuluka pokhapokha atapatulidwa, kuyezedwa ndi kuyesedwa pa odwala ambiri. LA amamwedwa kawiri patsiku kwa masiku atatu, kuchuluka kwake molingana ndi sikelo ya wodwala, ndipo amagwira bwino akamwedwa ndi chakudya cha mafuta kapena mkaka.

Nanga lero mabanja a m'chigwa amaphatikiza bwanji njira ziwirizi? Akatswiri a bungwe la kafukufuku la Malawi-Liverpool-Wellcome, limene lakhala likugwira ntchito ku Chikwawa, adapeza kuti makolo sasankha mbali imodzi n'kukana inzake. Amayenda mwa magawo. Poyamba amamuyang'anitsitsa mwana kuti aone ngati ndi malungo enieni kapena kutentha thupi kwa masiku onse, uku akumupukuta ndi nsalu yonyowa kapena kumupatsa Panado. Zikapitirira amafuna thandizo kunja kwa nyumba. Kenaka amaona ngati thandizolo lagwira. Kuchipatala akanena kuti m'magazi mulibe malungo, kapena mwana akapanda kuchira, maganizo amatembenukira ku matenda ena, monga mauka, amene amakhulupirira kuti amachokera kwa mayi n'kupita kwa mwana woyamwa, ndipo amenewo ndi a kwa sing'anga. Mawu omwewa akuti mauka si achilendo kwa ife a ku Mangochi. Kuyambira 2011 zipatala zimayeza magazi ndi kachida kopereka yankho m'mphindi zosapitirira makumi awiri, ndipo kachidako katiphunzitsa kuti si kutentha thupi kulikonse kumene kuli malungo. Koma yankho lakuti mulibe malungo silitanthauza kuti mulibe matenda. Chibayo ndi matenda oumitsa khosi nawonso amatenthetsa thupi, ndipo mayi amene wabwezedwa popanda kufotokozeredwa bwino amakapeza kufotokozerako kwa sing'anga, amene amakhala naye pansi ndi kumumvetsera.

Mtunda nawo umasankhira anthu mankhwala. Chigwachi chili ndi zipatala za boma ku Chikwawa, ku Ngabu ndi ku Nsanje, ndi zamishoni monga Montfort ku Nchalo ndi Trinity ku Muona, koma wokhala kutsidya kwa Shire kapena m'midzi ya m'madambo amafika ndi bwato, njinga kapena miyendo. Madzi osefukira a mu Januwale 2015 adadula Makhanga kwa dziko lonse, ndipo anamondwe Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023 adakokolola misewu ndi milatho, nasiya zithaphwi zoswerana udzudzu. Nyengo ya dzinja, imene malungo amachuluka, ndi yomwenso njira zimatsekeka ndipo ndalama zimasowa. Mayi amene wawiritsa masamba a nimu usiku wotero sitingamunene kuti ndi mbuli, pakuti akuchita chimene chili m'manja mwake. N'chifukwa chake zipatala za m'midzi zoyendetsedwa ndi alangizi a zaumoyo, zimene zidayamba cha m'ma 2008 kuthandiza ana osakwana zaka zisanu, zidasintha zinthu kuposa ulaliki uliwonse wonyoza zitsamba.

Nimu amene tamutchulayu ndi chitsanzo chabwino. Lero amapereka mthunzi pafupifupi pabwalo lililonse ku Nchalo, ku Bangula ndi ku Nsanje, ndipo ambiri amamuwerengera pa mankhwala amakolo, chonsecho kwawo ndi ku India. Nzeru za makolo nazo zimalandira alendo ndi kuphunzira zatsopano. Masamba ake ndi owawa monga kwinini, ndipo ambiri amaganiza kuti chowawa chilichonse chimapha malungo. Komatu palibe angadziwe kuchuluka kwa mphamvu imene ili m'kapu ya masamba owiritsa, pakuti imasintha ndi mtengo, nyengo ndi kawiritsidwe. Ndi vuto lomwe lija la khungwa la cinchona 1820 isanafike. Chimodzimodzinso tiyi wa Artemisia amene ena amalima kuseri kwa nyumba: bungwe la WHO limaletsa kuchizira malungo, chifukwa mphamvu yochepa imaphunzitsa tizirombo kupirira. Zizindikiro za tizirombo tochedwa kumva artemisinin zaoneka kale ku Rwanda, Uganda ndi Eritrea. Ife amene tidataya kolorokwini ndi Fansidar m'mbadwo umodzi tikudziwa mtengo wa kutaya mankhwala.

Pamene kuphatikiza njira kumafika poopsa ndi pamene mwana wayamba kukomoka ndi kuphiriphitha. Kuyambira kale chizindikiro chimenechi chinkatengedwa ngati cha mizimu kapena cha anthu oipa, choncho mwana ankathamangira naye kwa sing'anga. Ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, kumene kumatumizidwa odwala kwambiri ochokera kuchigwa, madokotala Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor adaphunzira ana otere kuyambira m'zaka za m'ma 1980, ndipo muyeso wa kukomoka umene adakonza umagwiritsidwa ntchito m'maiko ambiri ndi dzina la mzinda wa Blantyre. Kawirikawiri ndi malungo a mu ubongo: maselo a magazi okhala ndi tizirombo amamatirira m'timitsempha ta ubongo, ndipo ubongowo umatupa. Mwana wotere sangameze chitsamba kapena piritsi, ndipo kumukakamiza kumwa kungamutsamwitse. Amafunika jakisoni wa artesunate, amene tsopano adalowa m'malo mwa kwinini, ndipo nthawi zina amafunika kuonjezeredwa magazi. Apa mpata wake ndi wa maola owerengeka. Akuluakulu adati zengerezu adalinda kwawukwawu.

Pa nkhani yopewa, njira ziwirizi zagwirizana mosavuta. Makolo ankafukiza mpungabwi ndi ndowe youma madzulo pothamangitsa udzudzu asanadziwe n'komwe kuti ndiwo umafalitsa malungo. Neti yonyikidwa m'mankhwala idadzapitiriza ntchito yomweyo usiku wonse. Udzudzu wa mtundu wa Anopheles funestus ku Chikwawa utapezeka kuti sukumvanso mankhwala a m'maneti, padabwera maneti a mankhwala ophatikiza. M'midzi yozungulira nkhalango ya Majete, ntchito yolimbana ndi malungo idadalira mafumu ndi anthu ongodzipereka a m'mudzi momwemo, amene ankaphunzitsa anzawo kutseka mipata ya pakati pa khoma ndi denga, kuika sefa m'mazenera ndi kukwirira zithaphwi. Pa 23 Epulo 2019 Malawi lidakhala dziko loyamba padziko lapansi kuyamba kupereka katemera wa malungo wa RTS,S kwa ana kudzera m'masikelo, ndipo mwa maboma 11 oyambirira mudali Chikwawa, Nsanje, Mangochi, Machinga ndi Balaka. Mwana amalandira kanayi, ali ndi miyezi 5, 6, 7 ndi 22. Katemerayu amachepetsa malungo aakulu koma sawathetsa, choncho neti ikufunikabe pamphasa, osati m'nyanja kukokera usipa monga timaonera m'madoko athu ena.

Tikaiona yonse mbiri imeneyi, sitikupezamo nkhondo ya pakati pa muzu ndi piritsi. Tikupezamo zinthu ziwiri zimene zakhala zikulekanitsa moyo ndi imfa kuyambira pachilumba cha Malo: muyeso ndi nthawi. Mackenzie ankawadziwa mankhwala oyenera, koma adadikira pamalo pamene padalibe. Kolorokwini adali mankhwala abwino, koma adamwedwa mosatsata muyeso. Agogo odziwa zitsamba ali ndi malo awo m'nyumba mwathu, pakuti ndiwo amayamba kuona kuti mwana sakuyamwa bwino, ndipo mawu awo ndi amene amamveka posankha kopita. Sing'anga wanzeru ndi amene amadziwa matenda amene si ake, natumiza mwana kuchipatala asanamuteme mphini. Chimene mabanja a m'chigwa aphunzira ndi misozi ndi dongosolo la zinthu: mwana akatentha thupi ayezedwe magazi tsiku lisanathe, mankhwala akaperekedwa amwedwe onse ngakhale thupi litazizira, mayi woyembekezera alandire Fansidar wake kusikelo, ndipo mwana wokomoka apite kuchipatala usiku womwewo. Nsalu yonyowa, phala lotentha ndi mapemphero a banja zimuperekeze mwanayo pa ulendo wa kuchipatala, osati kumuchedwetsa pakhomo.